Akakowa a Mlaza

Nyengo yodula nzimbe itatha ku Nchalo
anatilanda zikwanje, natisiyira manja.
Anga sadziwa kukhala pamaondo ngati alendo.
Usiku wina wa Novembala, kutentha kotulutsa mphasa panja,
ndinang'amba mlaza wotsala pa dengu la make Zuze,
zala zinapinda, zinapindanso,
mpaka kakowa anaima m'chikhatho changa,
mwendo umodzi wautali kuposa unzake.

Ndikanampatsa yani? Ana anakula,
wina ali ku Limbe, wina anaoloka malire ku Marka.
Ndinamsiya pabenchi ya kuchipatala
pomwe anthu amafumbata timabuku tawo
kudikira kuti dzina liitanidwe,
ndipo ndinachoka mothamanga
ngati wakuba, ine wosiya.

Pambuyo pake anachuluka.
Wina pakaliyala ya kabaza, mwini wake ali pachiwaya.
Wina m'mphako ya mlambe wa pasiteji ya Ngabu.
Sikelo ya thonje nayo inalandira wake,
muvi wake sunagwedezeke n'komwe.
Sindilembapo dzina. Ndilembe chiyani?
Sukulu ndinalekeza sitandade fili.

Koma Loweruka lina pamsika
Mayi Nyamithambo, wogulitsa makakana owamba,
anampeza wina ataima pakati pa nsomba zake.
Anakuwa kuti nyanga! Amulodza bizinesi!
Anamgwetsa ndi kamtengo, wina anabwera ndi palafini.
Mlaza sulimbana ndi moto:
khosi linapindika kamodzi, basi, phulusa.
Ine ndinali pomwepo, mchere wanga m'manja,
ndipo pamene anati dziko laipa
ndinagwedeza nawo mutu.

Masabata asanu manja anga anasala.
Mvula inagwa kumapiri, ife tinalandira madzi ake,
Shire anadzagona m'minda ya anthu osapempha malo.
Tinadya nyika, tinawerenga mbuzi zotsala.

Madzi ataphwa ndinakwera minibasi ya ku Bangula
kukaona mlongo wanga kumisasa.
Pagalasi la dalaivala panali kulendewera kanthu,
kotuwa ndi fumbi, kozungulirazungulira,
mwendo wothyoka womangidwa ndi ulusi wofiira.
Mfundo ya pakhosi ndinaidziwa,
ndi ine ndekha ndimaipotolera kumanzere.
Dalaivala, mnyamata wotchedwa Fombe, anandiona ndikuyang'ana.
Ameneyu ndinamtola pamlambe, anatero,
ndiye amandionera maenje amumsewu.
Mukumdziwa woluka, madala?
Ndinati ayi.
Ndinalipira ndalama yonse, chenje sindinafunse.

Tsono dzulo m'mamawa, mphepo isanatenthe,
ndinapita kumjigo wa kuseri kwa sukulu
kakowa watsopano ali m'thumba la malaya.
Pakhoma pomwe ndimakonda kusiya
panali kale mwini malo:
mvuu ya dothi la makande, yosaotcha,
yong'aluka msana ndi dzuwa,
khutu limodzi kulibe, maso a nthanga za mapira.
Pamimba pake panadinda chala,
chaching'ono, chosafika theka la changa.

Ndinayang'ana uku ndi uku.
Mbuzi yokha, ndi chidebe cha munthu choiwalika.
Mtima unati nyamula, yasiyidwira iwe.
Ndinaigwira. Inali yofunda ngati dzira.
Ndinaibwezera pamalo pake,
ndinatulutsa kakowa wanga
ndi kumuimika pamsana pake, mumng'alu muja,
monga amachitira kudambo madzi akachepa.
Mwendo wautali uja unalowa bwino,
ngati mng'aluwo anauyezera.

Lero ndadutsanso, ndikunamizira ludzu.
Pakhoma palibe kanthu,
kadothi kouma kokha, ndi mapazi ambiri m'matope,
aakulu, aang'ono, a nsapato, opanda nsapato.
Ndamwa madzi anga amchere pang'ono,
ndapukuta pakamwa,
ndalowera kudambo kukadula mlaza.